Ulendo Wathu wa ku Phiri la Zomba

Tamverani za ulendo umene tinayenda m'mwezi wa January.

Tinanyamuka Loweruka m'mamawa, nkhungu ili chikutire phiri, pamodzi ndi anyamata ndi atsikana a pa sukulu ya ukachenjede ya University of Malawi, ija inasamukira ku Zomba m'chaka cha 1973 ikutchedwa Chancellor College. Palibe anawatuma, palibenso anawalonjeza malipiro. Ena anasenza makasu, ena madengu a mbande za mbawa ndi katope zimene anafesa okha.

Titakwera msewu wokhotakhota uja, tinaima pa damu la Mulunguzi. Madzi a m'mipopi ya mzinda wa Zomba achokera pamenepa. Mtsinje wa Mulunguzi utsika phiri nuthira mu Likangala, ndipo Likangala athira m'nyanja ya Chilwa, imene tinaiona ikunyezimira kum'mawa. Nyanja imeneyi inaphwa m'chaka cha 1995, ndiponso mbali yaikulu m'chaka cha 2018. Chiiphwetsa ndi chilala. Koma dothi lokokoloka m'mapiri opanda mitengo nalonso liikwirira pang'onopang'ono. Chotero wodula mtengo kuno alanda msodzi wa ku Kachulu matemba ake, ngakhale awiriwo sanaonanepo.

Potsetsereka tinafika pa malo a zitsa zokhazokha. Mtsikana wina anatilozera timitengo takuda touma, nati: "Chaka chatha tinabzala pano, tinajambulitsa zithunzi, ndi kubwerera ku sukulu. M'mwezi wa October moto wolusa unapsereza zonse." Ananena zimenezi ndi manyazi ndithu. Tsono chaka chino anayamba apita kwa amfumu a mudzi wa m'tsinde mwa phiri, napangana ndi eni mudzi kuti adzabweranso kudzapalira mvula isanathe, ndi kulambula njira zotchinga moto udzu usanaume.

Dzuwa lili pamutu, panatulukira bambo wina wokalamba, thumba la makala lili pa njinga. Mnyamata wina anampatsa moni, nati: "Bambo, kodi simuona kuti phiri likutha?" Mkuluyo anatsamiritsa njinga, nayankha mofatsa: "Ndiona, mwana wanga. Koma makala awa ndikagulitsa kumene mukhala inu. Nsima yanu ya madzulo muphikira chiyani?" Onse anangoti chete, pakuti ambiri a iwo akhala m'nyumba za lendi ndipo aphikira pa mbaula. Pamenepo mkuluyo anapempha khasu, nakumba maenje atatu, nawaonetsa kuti dzenje la pa mtsetse lifunika kachitunda kumunsi kwake kuti madzi asathawe. Inde, tsiku limenelo ophunzira anaphunzitsidwa.

Potsika tinafunsa mnyamata wochokera ku Karonga chifukwa chake avutikira mitengo imene sadzakhala pa mthunzi wake. Iye anati: "Zaka zinayi ndimwa madzi a phiri ili. Kodi mlendo angodya osagwirako khasu?"

Abale, tonse tikumbuka namondwe wa Freddy wa m'mwezi wa March 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika phiri la Soche ndi kukwirira nyumba za ku Chilobwe. Mitengo siiletsa mvula yotere, koma mizu yake igwira dothi. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno iyamba pa 15 December kufikira pa 15 April. Musalimbane ndi mbande 100 zimene simudzazisamala. Banja lililonse libzale 10 zokha, kuseri kwa nyumba kapena m'mbali mwa mtsinje. Muzipalire, muzitchingire mbuzi, ndipo mulambule pozungulira moto usanafike. Mwana wanu wa ku sukulu akabwera pa tchuthi, mpatseni khasu, mupite naye.

Tsalani bwino nonse.