Ndinkagula chikondi ndi maswiti a pa boda, ndinawononga m'kamwa mwa mwana wanga

Masiku onse timakambirana za mitengo ya katundu, mizere ya pa Beitbridge ndi za pa Nyamapanda. Lero ndati ndibweretse nkhani ya ana amene timawasiya kunyumba, chifukwa zimene zinandichitikira sindikufuna zichitikire wina.

Ine ndinabadwira ku Rimuka, ku Kadoma. Agogo anga aamuna anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito pa mgodi wa Cam and Motor. Amayi anga amakhala ku Pfupajena, ku Chegutu, kumene malemu bambo ankagwira ntchito ya nsalu ku David Whitehead. Ndikanyamuka kukaoda mpunga wa Kilombero ndi zitenje kumudzi, kapena katundu wa ku Musina, mwana ndimamusiya kwa amayi. Ulendo umodzi umatha sabata, nthawi zina ziwiri.

Mwana wanga wachiwiri ndinamuletsa kuyamwa ali ndi miyezi 5 chifukwa geni sinkadikira. Ndinamugulira botolo ndi dummy. Akalira usiku, agogo ake ankamuthirira tiyi wa shuga m'botolo kuti agone nalo. Atakula pang'ono, dummy anaisiya n'kuyamba kuyamwa chala. Ine ndikabwera ku ulendo mtima unkandipweteka kuti ndamusiya nthawi yaitali, ndiye ndinkabwera ndi jumbo ya maswiti, mabisiketi ndi zakumwa zotsekemera. Chakudya chake chinali phala, buledi wonyika mu tiyi ndi tchipisi. Chilichonse cholimba ankalavula, ife n'kumati mwana ngwosankha.

Ali ndi zaka 6 ndinagona naye chipinda chimodzi kwa mlungu wathunthu chifukwa ndinalibe mpamba woyendera. Apa m'pamene ndinaona zimene sindinkaziona. Ankagona kukamwa kuli yasa, akuliza mkonono ngati munthu wamkulu, nthawi zina mpweya n'kudukiza. M'mawa ankadzuka milomo itauma, ali wotopa. Nditamuuza kuti alume mano, akumbuyo anakumana koma kutsogolo kunatsala mpata woti chala n'kulowa. Mano a m'mwamba anali atatulukira kunja, ena atabowoka.

Ndinafunsa amayi kuti, "Amayi, kodi mkononowu anayamba liti?"

Iwo anati, "Kalekale, mwanangu. Si watengera agogo ake aamuna? Nanga mano awo si agweruka, amera ena?"

Sindikuwadzudzula. Inenso ndinkaganiza chimodzimodzi, ndipo maswitiwo ankabwera nawo ndi ine.

Tinapita kwa dokotala wa mano, iye anatitumizanso kwa wa mphuno ndi pakhosi. Zimene ndinaphunzira kumeneko ndi izi.

Nkhope ya mwana imatengera makolo, inde, koma kakulidwe ka nsagwada kamadaliranso mmene mwana akupumira, akuyamwira ndi kutafunira. Mwana akatseka pakamwa n'kumapumira m'mphuno, lilime limakhala kumwamba kwa m'kamwa ndipo limathandiza nsagwada ya m'mwamba kutambasuka. Akamakhala kukamwa kuli pululu zaka ndi zaka, lilime limagwera pansi, nsagwada imatha kupanikizika, mano n'kusowa malo. Wangayu anali ndi timinofu ta kuseri kwa mphuno, totchedwa adenoids, titatupa. Utsi wa mbaula m'nyumba ndi fumbi zinkawonjezera kutsekeka kwa mphuno. Anayamba ndi mankhwala opopera m'mphuno, atalephera anamuchita opaleshoni.

Kuyamwa chala kapena dummy kwa khanda si vuto. Vuto limayamba chizolowezicho chikapitirira zaka 3 kapena 4, makamaka mano achikulire akayamba kumera. Chala chimakankhira mano a m'mwamba kutsogolo ndi kusiya mpata uja.

Mano a ubwana alipo 20, ndipo ntchito yawo ina ndi kusungira malo mano achikulire. Likawola n'kuzulidwa nthawi isanakwane, anzake amasendera pamalopo, ndiye lachikulire limamera mokhota. Chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti pa zaka 6 mwana amamera mano achikulire kumbuyo kwenikweni, popanda dzino lina kugweruka. Makolo ambiri timayesa ndi a ubwana, n'kuwalekerera awole, chonsecho ndi oti akhale nawo moyo wonse.

Mwana wanga wachitatu ndamulera mosiyana. A bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, amati mwana ayamwe bere lokha miyezi 6 yoyamba, kenako apitirize kuyamwa mpaka zaka 2 kapena kupitirira uku akudya zina. Miyezi 6 imeneyo ndinakhala pansi, katundu ankanditengera mnzanga ine n'kumupatsa yake. Phindu linachepa, koma silinachepe kufika pa ndalama zimene ndinalipira kuchipatala ndi mkulu wake. Atayamba kudya ndinamuphunzitsa kapu, osati botolo, ndipo sagona ndi chakumwa cha shuga. Pamene ankakula ndinkamupatsa zoti atafune molingana ndi msinkhu wake: mbatata, chinangwa chophika, mango, masamba, nyama yoduladula. Chimanga chootcha, maputi ndi mtedza wathunthu ndi za ana okulirapo, wosakwana zaka 5 angatsamwe nazo. Mano timatsuka kawiri pa tsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride, kadontho ngati kambewu ka mpunga asanakwane zaka 3, ngati nsawawa akapitirira.

China n'chakuti musatengeke ndi mavidiyo a pa TikTok onena kuti muzimata mwana tepi pakamwa akamagona. Ngati mphuno yatsekeka, apumira kuti? Mwana wa mkonono wa masiku onse mupite naye kuchipatala akamuyeze.

Ndipo musamukalipire kapena kumupaka tsabola pa chala. Wanga anasiya titagwirizana kuti tsiku lililonse limene sanayamwe azilemba chizindikiro pa kalendala, ine n'kumamuimbira vidiyo ndili pa mzere wa pa boda kuti andionetse. Zinatenga miyezi. Mpata uja wachepa, koma dokotala wati mwina adzafunikabe mawaya a mano akakula. Akuluakulu anati kuongola mtengo m'poyamba, ine ndinachedwa.

Inu abambo a mathiraki, mukamadutsa pa Chegutu kapena pa Kadoma kuti muone ana kwa ola limodzi, ndikudziwa kuti manja lende simungalowe m'nyumba. Gulani malalanje kapena magwafa a m'mbali mwa msewu, mpira, kope. Wosunga mwana musiyireni mswachi ndi mankhwala, mumuuze mwaulemu chifukwa chake. Ndipo mukagona kunyumba, dzukani kamodzi usiku mukamvetsere mmene mwana akupumira.

Amene zinakuchitikiraniponso, tiuzeni m'munsimu mmene munachitira. Muyende bwino m'misewumu.