Mafuwa Atatu a Nyimbo

Ana anga, ndikamaona mdzukulu wanga akudina batani pa kiyibodi, makiyi n'kumadzisinthira okha, mtima wanga umabwerera pakhonde la amalume anga, amene anachokera ku Joni pa Wenela atanyamula gitala yokulungidwa m'bulangete, ikununkha vanishi ndi utsi wa sitima.

Ife anyamata tinali ndi mabanjo a zigubu za mafuta, mawaya ake ochotsa ku buleki ya njinga, ndipo zala zinkachita matuza mpaka kulimba ngati chidendene cha mlimi. Amalume sankalemba kanthu papepala. Ankangoti, "Mphwanga, yang'ana zalazi," n'kugwira C, kenako F, kubwereranso pa C, n'kutsekera ndi G7, kiyi ija imasiya khutu lili m'malere, likulakalaka kubwerera kumene linachokera; ndiye kuzungulira komweko usiku wonse, ngati amayi awiri akusinja pamtondo umodzi, munsi uwu ukukwera uwo ukutsika. Ukasintha msanga ankakugwira dzanja n'kukukumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Pofuna kupeka nyimbo unkayamba wang'ung'udza chapansipansi, n'kutchera khutu, ndipo pamene liwu lako layamba kukangana ndi kiyi imene wagwira, pomwepo ndiye panali posinthira. Kutchalitchi aphunzitsi a kwaya atatiphunzitsa do, fa ndi so, tinadabwa kupeza kuti ndi mafuwa atatu omwe aja, mphika wokha ndiwo wasintha.

Pa mafuwa amenewa ndi pamene Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, a m'mudzi wa Singano kufupi ndi Chileka, ankaphikira kwela ndi sinjonjo, chitoliro chikulira pamwamba, babatoni wa waya umodzi akugunda pansi, mpaka katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, atawamva ku Blantyre mu 1967, sanawasiyenso. Daniel anatisiya mu 1987, koma mpaka lero ndikamva gitala yake ndimayesa akuimba ndi anthu awiri. Nanga Allan Namoko wa Chimvu River Jazz Band, amene tinkaunjikana pa wailesi ya MBC kuti timumve? Iye uja anali wosaona, koma khutu linkamutsogolera ngati mwana wogwira ndodo.

Sindikunyoza situdiyo zanu. Nyimbo zanu ndi zoyera bwino, makiyi ake ochuluka, ena sindiwadziwa n'komwe mayina. Chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri mwa inu simunalawepo kukoma kofunafuna kiyi madzulo onse, udzudzu ukukulumani, mpaka kuipeza nokha. Paja mawu a akulu akoma akagonera.

Gitala ya amalume ndikadali nayo, yasweka pang'ono m'mbali koma ikulirabe. Bwerani Loweruka dzuwa likapendeka, mudzagwire C, F ndi G7 ndi zala zanu, zala zangazi zisanaume.