Njira ya usiku m'diso la nyani

Ntchito yanga ndi yodula retina, kamnofu kopyapyala ka kumbuyo kwa diso komwe kamalandira kuwala. Kuchindikala kwake sikukwana theka la milimita, ndipo kakangochotsedwa m'diso kamayamba kuonongeka. Timakaviika msanga mu paraformaldehyde, kenako m'madzi a shuga kuti kasang'ambike pozizira, n'kukasenga pa makina otchedwa cryostat kukhala tizidutswa ta mamaikuromita pafupifupi 15.

Kachidutswa kopanda utoto sikaulula kanthu. Santiago Ramón y Cajal, katswiri wa ku Spain, ankagwiritsa ntchito utoto wa siliva wa Camillo Golgi pojambula maselo a retina m'zaka za m'ma 1890. Lero tili ndi mankhwala omwe amasankha okha mtundu wa selo loti aligwire, ndipo pa maikulosikopu njira ya usiku, yomwe uthenga wa kuona mumdima umadutsamo, imaoneka bwinobwino.

Imayambira pa maselo otchedwa rod. Kafukufuku wa Christine Curcio ndi anzake wa 1990 anapeza kuti diso la munthu lili ndi ma rod pafupifupi mamiliyoni 92, pomwe ma cone, oona masana ndi mitundu, ndi mamiliyoni 4.6 okha. Mu 1984, Denis Baylor, Brian Nunn ndi Julie Schnapf anaonetsa kuti rod imodzi ya nyani wa macaque imatha kumva kambewu kamodzi ka kuwala, kotchedwa photon.

Chimene chimandikoka mtima nthawi zonse n'chakuti ma rod alibe msewu wawowawo wopita ku ubongo. Uthenga wa ma rod angapo umasonkhana mu selo limodzi la rod bipolar. Selo limenelo silifikitsa uthengawo ku mtsempha wa diso, koma limaupatsira kaselo kanthambi zambiri kotchedwa AII amacrine, komwe Helga Kolb ndi Edward Famiglietti anakafotokoza mu 1974 m'diso la mphaka. Kaseloko kamaugawa pawiri, wina wonena za kuwala, wina za mdima, n'kuulowetsa m'maselo a bipolar a ma cone. Uthenga wa usiku umakwera matola pa njira ya masana.

Kusonkhanitsa kumeneku kumathandiza diso kumva kuwala kochepetsetsa, koma zinthu zimaoneka mwachimbuuzi komanso zopanda mitundu.

Pakati penipeni pa retina ya munthu ndi ya macaque pali kadzenje kotchedwa fovea, ndipo mkatikati mwake mulibe rod n'imodzi yomwe. N'chifukwa chake nyenyezi yosawala kwenikweni imasowa ukailunjika, n'kuonekanso ukayang'ana pambali pake. Changa, yemwe amalira usiku m'nkhalango za kwathu kuno, ali ndi chinanso: kuseri kwa retina yake kuli kachikopa kobweza kuwala, komwe kamanyezimiritsa maso ake tochi ikamuunika. Pusi wa usiku wa ku South America, Aotus, alibe kachikopako. Amadalira maso akuluakulu odzaza ma rod.

Popeza ma rod amachuluka ndi kuchepa malinga ndi malo, mpeni usanakhudze retina timaika chizindikiro chosonyeza mbali ya mphuno ndi ya khutu, n'kuyeza mtunda kuchokera pa fovea. Kachidutswa kosadziwika komwe kachokera sitikawerenga, ngakhale utoto utagwira bwino chotani.