Singano yodula ingakuthereni mbale

Anzanga amsinkhu wanga amandinena kuti ndine nkhalamba yobadwa dzulo. Iwo nyimbo amamvera pa foni, pamene ine ndimapukutabe fumbi pa mbale zomwe anandisiyira malemu malume: simanjemanje, rumba ya ku Zaire ndi timbale ta 45 ta magulu akonkuno. Ndiye lero, awerengi, tikambe za cartridge, kabokosi kochepa kuposa ka machesi kamene kamagwira singano kunsonga kwa mkono wa gumbagumba.

Mitundu yotchuka ilipo iwiri. Mu moving magnet, singano ikamayenda m'mizere ya mbale imagwedeza kamaginito, pamene timawaya topota tili phee. Mu moving coil zinthu zimatembenuka: maginito ali phee, timawaya ndiye timavina. Popeza timawayato ndi topepuka zedi, singano imatsatira kakhota kalikonse ka mumzere.

Mnzanga wina wobwera ku Joni anandibwereka yake, Denon DL-103. Imeneyi anaipanga ku Japan m'zaka za m'ma 1960 mogwirizana ndi nyumba youlutsa mawu ya NHK. Titailumikiza, mawu anatuluka ngati kulira kwa udzudzu. Chifukwa chake nchakuti imatulutsa mphamvu ya 0.3 mV yokha, pamene moving magnet zambiri zimatulutsa cha m'ma 4 mV. Pamafunika kathiransifoma kapena ampulifaya yapadera yokweza mawuwo.

Titaika kathiransifomako, abale inu! Ndinamva chala chikutsetsereka pa nsambo ya gitala. Ndinamva woimba akukoka mpweya asanayambe vesi, pa mbale yomwe ndaimva kuyambira ndili ku pulaimale. Usiku umenewo tulo sindinatione, kuwerengera kuti ndilembe nkhani zingati kuti ndigule yanga.

Koma paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nsonga ya singano ndi dayamondi, komabe imatha ikaimba maola pafupifupi 1,000. Pa moving magnet umangosolola yakuthayo nkulowetsa ina, basi. Pa moving coil zambiri singano sichoka. Uyenera kutumiza cartridge yonse kwa amisiri akunja, apo ayi kugula ina. Nanga mtolankhani wolipidwa pa nkhani imodziimodzi, ndalama zotere akazitenga kuti?

Apa mpamene pagona ngozi. Tonse timadziwa zomwe munthu amachita m'thumba mukauma: "Iimbebe pang'ono, tiona mwezi ukatha." Ena singano ikayamba kudumpha amaika kandalama kachitsulo pamutu pa mkono kuti ilemere. Chonsecho DL-103 imafuna kulemera kwa magalamu 2.5 okha. Singano yakutha yopanikizidwa chotere imalima mzere ngati khasu, ndipo mawu akachoka achoka.

Mbale ya Beatles ikawonongeka mugula ina, chifukwa akuzipangabe. Koma timbale tambiri ta oimba athu a m'ma 1970 sitinapangidwenso. Komwe kali m'kabati mwanuko mwina katsala komweko m'boma lanu lonse.

Nchifukwa chake DL-103 ija ndinabweza kwa mwini wake, ngakhale mtima unkakana. Ndatsala ndi moving magnet yanga, ndipo maola omwe singano yaimba ndimalemba kuseli kwa kalendala. Amene muli nazo ndalama, gulani moving coil, simunamizidwa ayi, imakomadi. Koma musanatulutse chikwama, funsani kaye kuti singano ikadzatha adzakukonzereni ndani.