Injini ya Amalume ndi Kawaya Kamodzi

Ife a ku Kanjedza nyanja sitiiona, pakuti ili kutali, ndipo madzi aakulu amene ambiri a ife tinawaonapo ndi a damu la ku Chiwembe. Komabe nyanja timaidya masiku onse. Usipa wa mu msika wa Limbe, umenenso timadyera nsima kuno ku sukulu, umaphedwa usiku ndi asodzi a m'maboti, ndipo ambiri mwa maboti amenewo amayenda ndi injini yomangirira kumbuyo. Injini ikakana kulira, boti siliyenda, ndipo mabanja ambiri amagona ndi njala. Ine ndine mmodzi wa odalira injini yotere, chifukwa amalume anga, asodzi a ku Msaka m'boma la Mangochi, ndiwo amandilipirira sukulu.

Pa tchuthi cha mwezi wa Ogasiti amalumewo anafika kwathu pa lole ya nsomba, atanyamula injini yao ya Yamaha yokulunga m'masaka. Inazima ali pakati pa nyanja, mwera ukuomba, kotero kuti iwo ndi alovi ao anapalasa ndi nkhafi mpaka m'bandakucha. Mmisiri wina wa kunyanjako anawauza kuti kabokosi kotchedwa CDI kapsa, ndipo anadza ku Limbe kudzagula kena. Ndalama zimene zinali m'thumba mwao zinali zomwe anasungira fizi yanga. Anandiyang'ana nati, "Mphwanga, injini ikapanda kulira, sukulu ya mawa ichokera kuti? Temu ino uyambe wadikira." Sindinayankhe, koma usiku umenewo tulo sindinatione.

M'mawa mwake amayi anapempha alongo aowo kuti asanagule kanthu ayambe aonetsa injiniyo kwa bambo wina wachikulire wa pafupi ndi kwathu, amene amakonza njinga zamoto. Bamboyo anaimangirira pa thabwa, mwendo wake uli mu mgolo wa madzi, pakuti injini ya boti imadziziziritsa ndi madzi, ndipo kuiliza pouma n'kuiononga. Tsono anandiitana nati, "Iwe wa sukulu, bwera undigwirire, undiuzenso kumene moto wa injini iyi umachokera, popeza ilibe batire."

Pamenepo ndinakumbukira phunziro la Physics. M'chaka cha 1831 Michael Faraday wa ku England anapeza kuti maginito akamayenda pafupi ndi waya wokulungakulunga, m'wayamo mumabadwa magetsi. Pamwamba pa injini pali gudumu lolemera limene amisiri amati flywheel, ndipo m'kati mwake muli maginito. Munthu akakoka chingwe, gudumulo limazungulira, maginito nadutsa pa makoyilo. Koyilo imodzi imapanga magetsi, ina imanena nthawi yake. Kabokosi ka CDI kamasunga magetsiwo, n'kuwatulutsa onse kamodzi kupita ku koyilo yachitatu, imene imawakweza kufika mavoti zikwi zambiri, kuti adumphe pa kamlomo ka pulagi ndi kuyatsa petulo. Bamboyo anagwedeza mutu nati, "Wanena bwino. Ndiye kuti moto uli ndi njira yake. Ife tiyambira kumene umathera, tidzibwerera m'mbuyo, ndipo tiyamba ndi zotsika mtengo."

Poyamba anamasula mapulagi onse awiri. Anali akuda ndi mwaye, chifukwa injini za mtundu uwu zimamwa petulo wosakaniza ndi oyilo, ndipo oyilo akachuluka amadetsa pulagi. Anawatsuka, nakhudzitsa imodzi pa chitsulo cha injini, amalume nakoka chingwe. Tinaphimba ndi chipewa kuti pakhale mthunzi, koma moto sunaoneke. Anayesa ina, anayesanso pulagi yatsopano: zii. "Mapulagi awiri safa tsiku limodzi," anatero, "matenda ali kumtunda."

Chachiwiri anayang'ana polumikizira mawaya ponse. Chinyezi chimadya mkuwa, n'kusiya zobiriwira zimene magetsi sadutsapo bwino. Anapala ponsepo, namanganso waya wopita ku thupi la injini, pakuti thupilo ndilo njira imene magetsi amabwererapo. Amalume anakokanso chingwe, koma moto kunalibe. Ndinaona dzanja lao likupita ku thumba kuja, mtima wanga n'kuti myuu.

Chachitatu bamboyo anandifunsa, "Kodi injini imeneyi amaizimitsa bwanji?" Pa chogwirira pali kabatani, ndiponso kachingwe kamene woyendetsa amamanga pa mkono, kuti akagwera m'madzi injini izime. Kabataniko sikadula magetsi monga switchi ya nyali ya m'nyumba ai. Iko kamawapatsa njira ya chidule yopita ku thupi la injini, kotero kuti ku pulagi safikako. Tsono ngati waya wa kabataniko wakhudza chitsulo pena pake, injini imakhala ngati munthu akuizimitsa nthawi zonse. Bamboyo anazula wayayo ku kabokosi kaja, amalume nakoka chingwe, ndipo moto wobiriwira unati thethethe pa pulagi. Kabokosi kamene kanaweruzidwa kuti kafa kanali kamoyo!

Kuti titsimikize, ndinalumikiza babu la tochi ndi mabatire awiri, monga timachitira mu labu. Nsonga imodzi ndinaika pa waya uja, ina pa thupi la injini, ndipo babu linayaka, ngakhale kuti kabatani sikanadinidwe. Titalondola wayayo tinapeza kuti polowera m'chogwirira anali atasupuka chifukwa cha kukhulana ndi chitsulo poongolera boti. Bala lake linali laling'ono ngati njere ya mpunga. Bamboyo anadula powolapo, nalumikiza bwino, nakulunga. Pa kukoka kwachiwiri injini inabangula, madzi a mu mgolo nawinduka, ana a m'mbali monse nathamangira kudzaona. Amalume anagula mapulagi awiri osungira, ndipo ndalama zotsalazo anapereka m'manja mwa amayi.

Anzanga, akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Chinthu chikaonongeka, maganizo athu amathamangira ku chiwalo chachikulu ndi chodula, chifukwa ndicho sitichimvetsa, pamene vuto likhoza kukhala kawaya kamene tikukagwira ndi dzanja masiku onse. Wodziwa njira imene magetsi amayendamo sagula kanthu asanayese. Ena a ife timati mabatire ndi mababu a mu labu ndi zongokhozera mayeso basi. Ine ndikupemphani kuti pamene aphunzitsi ajambula mizere ija pa bolodi, tiziyang'anitsitsa, pakuti kwathu kuli mapampu, zigayo, njinga zamoto ndi maboti, ndipo eni ake akudikira ana amene anawatumiza ku sukulu.

Mnyamata wa Fomu 3