Tiyambe ndi Miyendo ya Kutsogolo

Abale ndi alongo a m'bungwe, ife amene tiyenda ndi maliro tiri ndi mau pa za galimoto yathu, Peugeot 404 yonyamula katundu. Ena afuna kuti ndalama ya chaka chino ipite ku penti ndi tenti. Ife tikuti tiyambe ndi miyendo ya kutsogolo ndi chiongolero.

Galimoto za mtundu umenewu zinayamba kupangidwa ku France mu 1960, ndipo zotsiriza zinamangidwa ku Kenya mu 1991. Choncho palibe 404 yosapitirira zaka 30. Injini yathu ikali kulira bwino, koma kutsogolo kwakalamba.

Pa gudumu liri lonse la kutsogolo pali sipuling'i yopota, ndi shoko pakati pache. Shoko ikataya mafuta, gudumu lingodumphadumpha osagwira pansi, ndipo bokosi ligunda kumbuyo. Chiongolero chikankha chitsulo cha mano, ndipo ku nsonga zache kuli matayirodi ofika ku magudumu. Mfundo zache zikadyeka, mupotoza chiongolero koma galimoto ichedwa kumva. Imodzi ikaguluka, gudumu lilowera kumene lifuna. Wokayika abwere: tidzakweza galimoto pa jeke, agwire tayala uku ndi uku, aligwedeze, amve yekha kugogoda.

Kale mwini pulazi anali kutibwereka thirakitala ndi ngolo. Chiyambire 2000, pamene mapulazi anagawidwa, ambiri a ife kuno ku Mazowe tiribe kobwereka. Ndiponso mbale akanena kuti akagone kwao, njira ndi ya Nyamapanda, Tete, mapiri a Zobue, kufikira Mwanza. Pambali pa bokosi pakhala amai athu oyimba nyimbo. Kodi tiperekeze maliro amodzi ndi kubwera nao asanu?

Pempho lathu ndi ili: tigule mashoko awiri, matayirodi awiri, mabolojointi ndi mabushi, zonse zatsopano, osati za ku sikirapu. Zisinthidwe mbali zonse ziwiri, chifukwa chatsopano ndi chakutha sizikoka pamodzi. Pambuyo pache makaniko aongole magudumu, kuti matayala asadyeke mbali imodzi. Penti idikire chaka cha mawa.

Pa msonkhano wa Sabata likudzali mudzakweze manja mutaganiza bwino. Galimoto imeneyi tonse tidzaikwera, ena chokhala, ena chogona. Chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe.

Ife anu mu nchito ya chisoni,
Oyendetsa galimoto ya bungwe.