Yoga ya pamphasa ku Lundazi

Kuchokera ku Lundazi kukafika ku Chipata ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 180, ndipo Lusaka ndiye kutalitali. Munthu wa kuno amene wakonda yoga sangadalire kalasi ya mlungu ndi mlungu. Mphunzitsi wake ndi foni, bwalo lake ndi mphasa yoyala pakhonde tambala atangolira kachiwiri.

Poyambira pabwino ndi pa YouTube, pomwe Adriene Mishler wa ku Texas wakhala akuphunzitsa kwaulere kuyambira 2012. Koma bandulo imatha msanga, magetsi nawo amathima. Wanzeru amasunga vidiyo imodzi m'foni netiweki ikakhala bwino, n'kumaibwereza mpaka thupi litazolowera. Mwachitsanzo, Surya Namaskar, kapena kuti moni kwa dzuwa, ili ndi zigawo 12 zokha zoyendera limodzi ndi mpweya: kuukoka podzitambasula, kuutulutsa powerama. Ikalowa m'mutu, foni sifunikanso.

Mayeso enieni amabwera mu June. Tsiku la yoga padziko lonse, limene bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 2014, limakhala pa 21 June, pamene ku India kukutentha koma kuno chisanu chafika pachimake. Simenti imazizira ngati mwala wa mumtsinje wa Lundazi, zala zimachita dzanzi, bulangeti limakoma, ndipo wokonda yoga uja alibe mnzake woti amufunse kuti dzulo anali kuti. Apa mphindi khumi za tsiku ndi tsiku zimaposa ola lathunthu la Loweruka lokha.

Choncho wokonda yogayo amavala juzi, amayala chitenje pamwamba pa mphasa, n'kuyamba, ana a aneba akusuzumira pampanda waudzu.